Mafunso a Owerenga: Kodi Magalimoto Wamba Akale Ngoyenera Kusungidwa?

Makalata a mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya magalimoto amene kale anali ponseponse m'misewu koma tsopano akutha mwakachetechete. Makalata ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Akonzi, malemu bambo athu anatisiyira galimoto ya mtundu wa Peugeot 504 imene anaiyendetsa kwa zaka zambiri, ndipo panopa yangokhala m'galaja. Injini imalira ndithu, mipando ndi yomwe inabwera nayo, ndipo mapepala ake onse alipo. Achimwene anga akuti tiigulitse kwa ogula zitsulo zakale, chifukwa iwo akuti magalimoto oyenera kusungidwa ndi a mtundu wa Ferrari kapena Rolls-Royce, osati galimoto imene aliyense anali nayo. Ine mtima ukukana, koma ndikusowa chowayankha kupatula kunena kuti inali ya bambo. Kodi galimoto wamba ngati imeneyi ili ndi chifukwa china chosungidwira, kapena ndi chisoni chabe chimene chandigwira? — Mayi wowerenga

YANKHO: Mayi, chisoni chanucho sichochititsa manyazi, koma mwachita bwino kufuna chifukwa china, pakuti galimoto yosungidwa chifukwa cha chisoni chokha kawirikawiri imathera pabwalo itaphwa matayala, ndipo pakapita zaka zochepa imakhala chiphapha chimene sichingathandize wina aliyense. Chifukwa chinacho chilipo, ndipo ine ndimachiona kuti n'champhamvu kuposa chimene achimwene anu akupereka.

N'zoona kuti magalimoto apamwamba ndi amene amaonekera kwambiri m'zithunzi ndi m'zionetsero, koma magalimoto amenewo sali pangozi yotayidwa. Kampani ya Ferrari inapanga magalimoto 36 okha a mtundu wa 250 GTO pakati pa 1962 ndi 1964, ndipo akatswiri amadziwa mbiri ya iliyonse, kuyambira amene anaigula koyamba mpaka mipikisano imene inathamanga ndi ngozi zimene inachita. Galimoto yotere ikawonongeka, mwini wake amaimanganso mosanyinyirika, chifukwa ndalama zoikonzera n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wake. Sifunika munthu woilankhulira.

Galimoto wamba njira yake ndi ina. Imachoka kwa mwini woyamba amene ankaisamala n'kupita kwa wachiwiri, kenako kwa wachitatu amene waigula chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo alibe ndalama zoipititsira kwa makaniko pa nthawi yake. Tsiku limene giyabokosi yafa kapena dzimbiri laboola pansi, kuikonza kumafuna ndalama zoposa mtengo wa galimoto yonseyo, ndipo mwiniyo amaitaya, zimene kwa iye n'zanzeru ndithu. Palibe amene amadandaula, popeza aliyense amaganiza kuti zinzake zilipo zambirimbiri. Zimenezi zikachitika kwa zaka 20 zotsatizana, anthu amadzadzidzimuka kuti mtundu wonse uli pafupi kutha. Ford Cortina, imene inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1982 ndipo chiwerengero chake chinaposa 4 miliyoni, inali galimoto yogulidwa kwambiri ku Britain kwa zaka zambiri za m'ma 1970, koma lero mwana wa m'dzikolo akhoza kukula osaiona ikuyenda mumsewu. Morris Marina ndi Austin Allegro, zimene anthu ankaziseka kuti n'zosalimba, zinatha kwambiri kuposa pamenepo.

Nthawi zina maboma amafulumizitsa kuthaku. Chuma cha dziko lonse chitasokonekera mu 2008, mayiko angapo anayamba kupereka ndalama kwa aliyense wopereka galimoto yakale kuti iphwanyidwe n'kugula yatsopano. Ku Germany mu 2009 njira imeneyi inachotsa magalimoto pafupifupi 2 miliyoni, ku Britain pafupifupi 400,000 pakati pa 2009 ndi 2010, ndipo ku United States pafupifupi 700,000, kumene lamulo linkafuna kuti injini iwonongedwe dala pothiramo mankhwala m'malo mwa oyilo n'kuiliza mpaka itauma. Chopweteka n'chakuti pakati pa magalimoto amenewa panali ena osamalidwa bwino kwambiri, a anthu okalamba amene ankayenda maulendo ochepa, ndipo amenewo ndi amene akanayenera kutsala ngati zitsanzo.

Tsono chikatha chinthu chotere, tataya chiyani? Tataya umboni wa mmene anthu ambiri ankakhalira. Magalimoto amene anasintha dziko sanali a olemera. Ford Model T, imene inayamba mu 1908 n'kutha mu 1927 atapanga zoposa 15 miliyoni, ndiyo inasonyeza kuti mlimi kapena wogwira ntchito m'fakitale akhoza kukhala ndi galimoto yakeyake. Volkswagen Beetle inaposa 21 miliyoni, ndipo yomaliza inatuluka m'fakitale ya ku Puebla, ku Mexico, mu 2003. Citroën 2CV inapangidwa poganizira alimi a ku France ndi misewu yawo yokumbika. Toyota Corolla, imene inayamba mu 1966, inadutsa 50 miliyoni mu 2021. Magalimoto amenewa ndi amene ananyamula odwala, akwati, ana asukulu, katundu wamalonda ndi maliro, ndipo ndi amene anachititsa kuti mizinda ikule motambalala chifukwa munthu ankatha kukhala kutali ndi kuntchito. Nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili ndi mpando wa mfumu wokha, yopanda khasu ndi mphika wa anthu ake, imanamiza alendo pa mbiri ya mudziwo ngakhale kuti chilichonse chimene chili mmenemo n'chenicheni.

Wina anganene kuti zithunzi ndi mabuku n'zokwanira. Ine sindivomereza, chifukwa galimoto ndi makina, ndipo makina amamveka bwino akamagwira ntchito. Chithunzi sichingamuuze wachinyamata wa lero kulemera kwa chiwongolero chopanda chothandizira pokhota, kapena luso limene linkafunika polizitsa injini ya kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) m'mawa kukuzizira, kapena mtunda umene galimoto ya mabuleki akale inkafuna kuti iime. Sichingasonyezenso nzeru za amisiri amene ankapanga zinthu zoti munthu wokhala ndi masipanala ochepa athe kuzimasula ndi kuzibwezeretsa m'mbali mwa msewu.

Komanso kunyozeka kwa galimoto lero sikutiuza mmene adzaionere a mawa. Trabant, imene inkapangidwa ku Zwickau ku East Germany kuyambira 1957 mpaka 1991, inali ndi injini yaing'ono yotulutsa utsi wambiri ndi bodi yopangidwa ndi pulasitiki wosakaniza ndi thonje, ndipo anthu ankaidikira zaka zoposa 10 akalembetsa. Khoma la Berlin litagwa mu 1989, eni ake ambiri ankangoisiya m'misewu pothamangira magalimoto a kumadzulo. Lero aliyense wofuna kufotokoza moyo wa m'dziko limenelo amafuna Trabant, ndipo amathokoza anthu ochepa amene anakana kutaya zawo.

Peugeot 504 yanuyo si galimoto yopanda mbiri. Inatuluka mu 1968, inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya mu 1969, ndipo inapambana mpikisano wovuta wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, woyendetsa wake ali Ove Andersson. Inatchuka chifukwa cha kulimba kwake ndi mmene inkamezera mabampu m'misewu yoipa, moti ku France atasiya kuipanga, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000. Zambiri zinagwira ntchito ya matakisi ndi yonyamula katundu mpaka kutheratu, choncho imene idakali ndi injini yake, mipando yake ndi mapepala ake ndi yosowa kuposa mmene achimwene anu akuganizira.

Komabe ndikuchenjezeni kuti mtundu wa galimoto ukakhala woyenera kusungidwa, sizitanthauza kuti galimoto iliyonse ya mtunduwo iyenera kusungidwa. Itanani makaniko wodziwa magalimoto akale, aikweze, ayang'ane pansi pake, m'mphepete mwa zitseko, mozungulira matayala ndi pamene pamagwira masipuling'i. Ngati chitsulo cha m'malo amenewa n'cholimba, muli ndi chinthu chofunika. Ngati chadyeka moti sikuludilaiva ikulowa, ndi bwino galimotoyo ipereke zipangizo zake kuti inzake ikhale ndi moyo. Ndipo ngati banja lanu lilibe malo ouma ndi munthu woti aziiyendetsa ndi kuisamala, muigulitse kwa munthu wokonda magalimoto akale amene aisunge yathunthu. Pamenepo achimwene anu apeza ndalama zimene akufuna, mwinanso zoposa za wogula zitsulo, ndipo galimotoyo sisungunulidwa.

FUNSO: Akonzi, ine sindigwirizana ndi zotamanda magalimoto akale. Amatulutsa utsi woipa, amamwa mafuta ambiri, ndipo pa ngozi amapha anthu. Kodi si bwino onse achotsedwe m'misewu, m'malo mowapatsa ulemu ndi kuwachotsera misonkho monga amachitira mayiko ena? — Bambo wowerenga

YANKHO: Bambo, pa zimene mwatchula zokhudza ngozi ndi utsi mwanena zoona, ndipo wokonda magalimoto akale amene amakana zimenezi akudzinamiza. Anthu ambiri amakhulupirira kuti galimoto yakale ndi yotetezeka chifukwa chitsulo chake n'chokhuthala, koma zoyesa zinasonyeza zosiyana. Mu 2009 bungwe la Insurance Institute for Highway Safety, loona za chitetezo chapamsewu ku United States, linagundanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Malo okhala dalaivala mu yakale ija anapindikira mkati, pamene mu yatsopano anakhalabe m'malo mwake, chifukwa galimoto yamakono imapangidwa kuti kutsogolo kwake kukhwinyate n'kumwa mphamvu ya kugundako isanafike kwa anthu. Lamba wapampando wogwira pamapewa ndi m'chiuno, amene anapangidwa ndi Nils Bohlin wa ku Volvo, anayamba kuikidwa mu 1959, koma panapita zaka zambiri asanafalikire m'magalimoto onse. Ngakhale m'zaka za m'ma 1990 kusiyana kunalipo: bungwe la Euro NCAP, loyesa chitetezo cha magalimoto atsopano ku Ulaya n'kuwapatsa nyenyezi, litayamba kufalitsa zotsatira zake mu 1997, Rover 100, imene maziko ake anali a 1980, inapeza nyenyezi imodzi yokha, ndipo patangopita nthawi yochepa anasiya kuipanga. Za utsi nazonso n'chimodzimodzi, pakuti chipangizo choyeretsa utsi chotchedwa catalytic converter chinafalikira ku United States kuyambira 1975 ndipo ku Ulaya chinakhala chofunika pa magalimoto atsopano a petulo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Galimoto yopanda chipangizochi imaipitsa mpweya kwambiri pa kilomita iliyonse.

Pamene ndikusiyana nanu ndi pakuti mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Pali galimoto yakale yotopa imene ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku chifukwa mwini wake sangathe kugula ina, ndipo pali galimoto yakale yosungidwa imene imatuluka mwa apo ndi apo. Vuto la utsi ndi ngozi lili pa yoyambayo, ndipo ndi lalikulu. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe, la mu 2020, linapeza kuti magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito okwana 14 miliyoni anatumizidwa kunja kuchokera ku Ulaya, ku United States ndi ku Japan pakati pa 2015 ndi 2018, ambiri kupita ku mayiko osauka, ndipo linadandaula kuti ochuluka mwa iwo anali osakwanira pa chitetezo ndi pa utsi. Imeneyo ndi nkhani yofunika malamulo okhwima. Koma galimoto yosungidwa, imene imayenda makilomita ochepa pa chaka ndiponso mosamala, gawo lake pa utsi wa mzinda ndi laling'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mizinda ya ku Germany ndi London imalola magalimoto olembetsedwa ngati amakedzana kulowa m'madera amene magalimoto ena akale amaletsedwa kapena kulipitsidwa.

Pamenepa pali udindo umene osunga magalimoto sayenera kuuthawa. Munthu amene walandira mwayi wa msonkho wochepa ponena kuti akusunga mbiri, kenako n'kumagwiritsa ntchito galimotoyo ngati yopitira kuntchito kapena yonyamulira anthu, akubera anzake ndipo akupereka mphamvu kwa amene akufuna kuti magalimoto onse akale aletsedwe. Ndiponso mabuleki, matayala, magetsi ndi chiwongolero ziyenera kukhala bwino kaya lamulo likufuna kuti galimotoyo iyesedwe kapena ayi. Ine sindingalangize kholo lililonse kuti lizinyamula ana tsiku ndi tsiku m'galimoto ya m'ma 1970, ngakhale itakhala yokongola chotani.

FUNSO: Kodi galimoto iyenera kukwanitsa zaka zingati kuti itchedwe yamakedzana? — Wophunzira

YANKHO: Palibe chiwerengero chimodzi cha dziko lonse. Bungwe la FIVA, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo limagwirizanitsa magulu a okonda magalimoto akale m'mayiko ambiri, limati galimotoyo ikhale ya zaka zosachepera 30, yosungidwa mogwirizana ndi mmene inalili m'nthawi yake, ndiponso yosagwiritsidwa ntchito ngati yoyendera masiku onse. Germany imatsatira zaka 30, ndipo kuyambira 1997 imapereka nambala yothera ndi chilembo cha H kwa galimoto imene yayesedwa n'kupezeka kuti siinasinthidwe kwambiri. Britain imafuna zaka 40 kuti galimoto ichotseredwe msonkho wapamsewu. Ku United States galimoto ya zaka 25 ikhoza kulowetsedwa m'dzikolo ngakhale kuti siinapangidwe motsatira malamulo awo a chitetezo. Zindikirani kuti m'malamulo onsewa mulibe mawu onena za mtengo kapena kutchuka kwa dzina, kotero Datsun 120Y ndi Jaguar za chaka chimodzi zimalowa pa khomo limodzi.

Zimene zimawerengedwa ndi zaka za galimoto yeniyeniyo, osati za kapangidwe kake. Ku South Africa anapitiriza kupanga Volkswagen Citi Golf mpaka 2009 ngakhale kuti thupi lake linali la Golf yoyamba ya 1974, ndipo Nissan 1400 yonyamula katundu inafika 2008. Zomalizira za mitundu imeneyi ziyenera kudikirabe. Vuto ndi lakuti nthawi yodikirayo ndi imene imapha magalimoto ambiri, chifukwa pakati pa zaka 15 ndi 25 galimoto imakhala yakale moti palibe akuifuna, koma siinakalambe moti wina aikumbukire. Wofuna kupulumutsa galimoto wamba ayenera kuipeza pa nthawi imeneyo, lamulo lisanaipatse dzina.

FUNSO: Akonzi, ine ndine makaniko, ndipo kasitomala wandibweretsera Toyota Corolla ya m'ma 1970 kuti ndiikonze ikhale ngati yatsopano. Akufuna penti yatsopano ya mtundu wina, mipando yachikopa, marimu onyezimira, ndiponso akuganiza zoikamo injini yamakono. Penti yake yakale yazilala koma bodi ndi yabwino. Kodi ndimulangize chiyani? — Makaniko

YANKHO: Amisiri, galimoto ndi yake ndipo ali ndi ufulu wochita nayo zimene akufuna, koma inu muli ndi udindo womuuza zimene ataye asanazitaye, chifukwa penti ya kufakitale ikapalidwa sibwereranso. Ngati cholinga chake ndi kukhala ndi galimoto yosangalatsa yooneka yachikale, zimene akufunazo n'zotheka. Ngati cholinga chake ndi kusunga galimoto yamakedzana, pafupifupi chilichonse chimene watchula chikuchotsa chimene chikuipangitsa kukhala yofunika.

Kale okonza magalimoto akale ankakonda kuwaphwasula onse n'kuwamanga mowala kuposa mmene anatulukira m'fakitale. Maganizo amenewo asintha. Chikalata cha FIVA chotchedwa Charter of Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013, chimatengera mfundo zosungira nyumba zakale: chinthu choyambirira chisungidwe pamene n'kotheka, zosintha zimene zinachitika galimoto ikugwira ntchito m'nthawi yake ndi mbali ya mbiri yake, ndipo ntchito iliyonse yatsopano ilembedwe, makamaka ikhale yoti wina angathe kuibweza. Pa galimoto wamba mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa chimene chimasowa si Corolla yokongoletsedwa koma Corolla yosakongoletsedwa, ya mipando yake yapulasitiki, mawilo ake achitsulo, wailesi yake yosavuta ndi mtundu wa penti umene anthu ankaukonda pa nthawiyo ngakhale lero ukuoneka wachilendo. Ku Britain kuli chionetsero chotchedwa Festival of the Unexceptional, chimene chinayamba mu 2014, ndipo kumeneko oweruza amakondwera kwambiri ndi galimoto yotsikitsitsa ya mtundu wake, imene palibe anaiganizira kuti ingasungidwe.

Choncho yambani ndi kutsuka ndi kupukuta penti yakaleyo, mudzadabwa kuchuluka kwa kuwala kumene kumabwerera. Pamene pali dzimbiri dulani, wotchererani chitsulo chatsopano, ndipo pentani pamalo pokhapo ndi mtundu wofanana. Musabise dzimbiri ndi phala lomatira, pakuti limapitiriza kudya mkati. Mipando yong'ambika isokedwe ndi nsalu yofanana ndi yakale. Injini ya magalimoto amenewa ndi yosavuta ndipo imakonzeka. Kuichotsa n'kuikamo yamakono kumasintha kulemera kwa kutsogolo, kumafuna mabuleki ena, ndipo m'mayiko ena kumachotsera galimotoyo mwayi wolembetsedwa ngati yamakedzana. Za kusandutsa galimoto yakale kukhala yamagetsi, FIVA inanena mu 2019 kuti galimoto yotero siionanso ngati yamakedzana, ndipo inalangiza kuti ochita zimenezi asunge zipangizo zonse zimene achotsa.

Pali zosintha zina zimene ndimazivomereza ndi mtima wonse chifukwa zimateteza moyo kapena injini popanda kusintha maonekedwe. Malamba apampando aikidwe ngati mulibe. Mapaipi a mabuleki ndi a mafuta asinthidwe, makamaka popeza petulo wosakaniza ndi ethanol amadya labala yakale ndipo paipi yotayikira pafupi ndi injini yotentha ndiyo imayambitsa moto. Petulo wa magalimoto wokhala ndi mtovu anatheratu pa dziko lonse mu 2021, Algeria atamaliza womwe anali nawo, ndipo injini zina zakale zimene zinkadalira mtovuwo poteteza pokhalira mavavu zimafunika kuikidwa pokhalira polimba kapena kuthiridwa mankhwala olowa m'malo mwake. Matayala asinthidwe chifukwa cha zaka ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Inunso mudzisamale pomasula mabuleki ndi kilatchi zakale, chifukwa zina zili ndi asibesitosi, ndipo fumbi lake, limene limawononga mapapo, siliyenera kuuluzidwa ndi mpweya.

Mumuuzenso kasitomala wanu kuti galimoto imawonongeka kwambiri ikangokhala. Isungidwe pouma podutsa mphepo, osati pa udzu kapena pansi pa pepala lapulasitiki limene limasunga chinyezi. Kuiliza kwa mphindi zochepa n'kuizimitsa kumasiya madzi mu oyilo ndi mu ekizosi. Imafunika kuyenda mpaka itatentha bwinobwino. Ndipo malisiti akale, buku la kufakitale, zithunzi ndi makiyi oyambirira zikhale pamodzi ndi galimotoyo, chifukwa Corolla yodziwika mbiri yake imaphunzitsa zambiri kuposa yongopezeka.

FUNSO: Mnzanga akuti kugula magalimoto akale n'kuwasunga ndi njira yopezera phindu. Kodi ndiyambe? — Bambo wowerenga

YANKHO: Bambo, ngati cholinga ndi phindu, musayambe. Nkhani zimene mumamva za magalimoto ogulitsidwa ndalama zankhaninkhani zimakhudza mitundu yochepa kwambiri, makamaka yothamanga ndi yosowa chiyambire. Galimoto wamba mtengo wake umakwera pang'onopang'ono ikadutsa zaka zonyozeka zija, koma kawirikawiri sukwera mofanana ndi ndalama zimene zimapita pa malo osungira, inshulansi, zipangizo ndi amisiri. Kupenta ndi kuwotcherera Morris Minor kumafuna maola ofanana ndi a galimoto yamtengo wapatali, koma wogula sadzalipira maolawo. Amene amasunga magalimoto otere amadziwa kuti akuwononga ndalama pa chinthu chimene amachikonda ndiponso chimene amaona kuti sichiyenera kutha, ndipo ine ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

FUNSO: Akonzi, nanga magalimoto a m'ma 1990 ndi 2000, amene amafanana onse ndipo ndi odzaza ndi mawaya ndi makompyuta, nawonso adzasungidwa? — Mayi wowerenga

YANKHO: Mayi, a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akwanitsa kale zaka 30, ndipo dandaulo loti amafanana onse linanenedwanso pa magalimoto a m'ma 1970 pamene anali atsopano. Munthu amakonda galimoto imene anakuliramo, choncho m'badwo uliwonse umadzafuna zake. Komanso nyengo imeneyi ili ndi mbiri yoyenera kusungidwa, pakuti ndi pamene kabuleta inalowedwa m'malo ndi njira yopopera mafuta yoyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo mabuleki a ABS, oletsa mawilo kugwiriratu n'kutsetsereka, ndi matumba a mpweya otetezera pa ngozi anafika m'magalimoto a anthu wamba.

Nkhawa yanu ya mawaya ndi makompyuta ndi yomveka, ndipo ine ndimaona kuti magalimoto amenewa adzavuta kusunga kuposa akale. Bodi zawo sizichita dzimbiri msanga chifukwa chitsulo chinkatetezedwa bwino, koma mmisiri amene angathe kusula chipangizo chachitsulo cha Peugeot 504 sangathe kusula kompyuta ya injini. Tizipangizo tina ta mkati mwa makompyuta amenewa timatayikira tikakalamba n'kuwononga bolodi, mapulasitiki a mkati mwa galimoto amauma n'kuthetheka, ndipo makiyi okhala ndi chotetezera kuba amafuna makina owalumikizira amene ogulitsa ena anasiya kuwasunga. Makampani ena ayamba kuthandiza: Nissan inayambanso kupanga zipangizo za Skyline GT-R mu 2017, Mazda inalengeza chaka chomwecho kuti iyamba kukonza MX-5 yoyamba, ndipo Toyota nayonso inayambanso kupanga zipangizo za Supra ndi za Corolla yothamanga ya mtundu wa AE86. Koma onsewa ndi magalimoto othamanga okhala ndi owatsatira ambiri, ndipo Corolla ya zitseko zinayi imene inanyamula mabanja siili patsogolo pa mndandanda wotere. Nyumba zosungiramo magalimoto, monga ya Toyota ku Nagakute, ku Japan, imene inatsegulidwa mu 1989 kapena British Motor Museum ku Gaydon, ku Britain, zimasunga zitsanzo zina, koma malo awo ndi ochepa ndipo sangatenge mtundu uliwonse.

Choncho ntchito yaikulu igwera anthu wamba ndi magulu awo. Amene ali ndi galimoto ya nyengo imeneyi yosamalidwa bwino ndipo akufuna kuisunga, agule tsopano kompyuta ya injini yapadera, masensa, magalasi a magetsi ndi mapulasitiki a mkati pamene zidakapezeka kwa ophwasula magalimoto, asunge buku losonyeza kayendedwe ka mawaya, ndipo ngati n'kotheka apezenso makina owerengera zovuta za injini ogwirizana ndi galimotoyo, pamodzi ndi kompyuta yakale imene mapulogalamu ake amagwirapo ntchito.